curl: pulogalamu imene ndimathamangirako seva ikayamba kuvuta

Pa ntchito yanga yosamalira maseva, palibe pulogalamu imene ndimaitsegula kawirikawiri kuposa curl. Ndi yaulere, ilibe mabatani kapena zithunzi, umangolemba lamulo basi, iyo n'kutumiza pempho ku seva n'kukuonetsa yankho. Anaiyambitsa ndi Daniel Stenberg wa ku Sweden, ndipo yakhala ikudziwika ndi dzinali kuyambira mu 1998. Ndimaikonda chifukwa imakuonetsa zimene seva yayankhadi, osati zimene browser yakonzakonza kale.

Pamene imandithandiza kwambiri ndi pa nkhani ya Content-Length ndi Transfer-Encoding, amene ndi ma header, mizere imene seva imaika pamwamba pa yankho pofotokoza zimene ikutumiza. Seva ikadziwiratu kukula kwa zimene ikutumiza, imalemba Content-Length. Ikakhala kuti ikupanga tsambalo uku ikutumiza, imalemba Transfer-Encoding: chunked n'kumatumiza zidutswazidutswa. RFC 9112, chikalata cha malamulo a HTTP/1.1 (njira imene browser ndi seva zimalankhulirana), imene inatuluka mu 2022 kulowa m'malo mwa RFC 7230, imanena mosapita m'mbali kuti ziwirizi zisatumizidwe pamodzi, ndipo zikapezeka zonse, yomvera ndi Transfer-Encoding. Ambiri amaipeputsa nkhaniyi, koma proxy (seva yapakati imene imalandira mapempho n'kuwapititsa ku seva ina) ikamvera chimodzi pamene seva ya kumbuyo ikumvera chinacho, m'pamene akuba amazembetsera pempho lawo, zija amati request smuggling.

Mukalemba curl -i mumaona ma header onse, koma zidutswa zija imazilumikiza mwakachetechete. Kuti muzione mmene zabwerera, onjezerani --raw. Apa m'pamene ine ndinagonjera pulogalamuyi. Seva ikatumiza mawu akuti Moni, pa sikirini pamabwera 4 pamzere pake, kenako Moni, kenako 0 ndi mzere wopanda kanthu. Nambalazo zimanena kukula kwa chidutswa chilichonse, ndipo ndi za hexadecimal (kawerengedwe ka 16 m'malo mwa 10), choncho mukaona 1a dziwani kuti ndi ma byte 26. Ziro womalizayo ndiye amauza wolandira kuti uthenga watha. Kulumikizana kukaduka iye asanafike, browser ikhoza kukuonetsani tsamba latheka osanena chifukwa, pamene curl imadandaula poyera ndi error 18.

Zondikhumudwitsa zilipo ziwiri, ndipo zonse zimasocheretsa ongoyamba kumene. Choyamba ndi -I. Anthu amaigwiritsa ntchito poganiza kuti ikungobisa tsambalo n'kusiya ma header, pamene imatumiza HEAD, pempho la ma header okha, m'malo mwa GET, pempho la tsamba lonse. Malamulo amalola seva kusiya ma header amene amadziwika pokhapokha tsamba likupangidwa, ndiye mumapeza yankho la HEAD lilibe Transfer-Encoding, inu n'kumaganiza kuti seva yalakwa. Ine ndimalemba curl -s -D - -o /dev/null kenako adiresi, kuti pempho likhale GET yeniyeni.

Chachiwiri, pa https curl imasankha yokha HTTP/2, mtundu watsopano kuposa HTTP/1.1, ngati seva ikulola, ndipo mu HTTP/2 chunked mulibiretu, header imeneyi ndi yoletsedwa. Mukhoza kufufuza mpaka kutopa. Lembani --http1.1 ndipo iwonekera.

Buku lake la malangizo ndi lalitali mogwetsa ulesi, ma option opitirira 200, ndipo silikuuzani kuti pa vuto lanulo muyambire pati. Komabe kwa aliyense amene amawerenga RFC n'kumakayikira ngati seva yake ikutsatiradi zolembedwazo, ndinganene kuti ayambe ndi -v (yoonetsa ma header a pempho ndi a yankho), --raw ndi --http1.1, RFC 9112 ili potsegula pa gawo 6 ndi 7.