Miyezi 14 ndikusewera Old School RuneScape pa foni ku Ulongué: za endgame ndasintha maganizo

Mu Juni chaka chatha, nditangosewera Old School RuneScape, gemu ya pa intaneti yosewera anthu ambiri, milungu itatu, ndinalemba zinthu ziwiri. Ndinati gemuyi sidya mamega ambiri, ndiye ikutiyenera ife a kuno ku Angónia. Ndinatinso ndikuthamangira kukweza malevulo kuti ndikafike msanga ku endgame, gawo la kumapeto, kumene anthu amati ndiye kumayambira gemu yeniyeni. Za mamegazo ndikuzibwerezabe lero. Za kuthamangazo ndinasiya, ndipo pamenepa ndi pamene timasiyana ndi alamu anga mpaka pano.

Alamuwo amakhala mumzinda wa Tete. Ali ndi laputopu ndi intaneti ya m'nyumba, ndipo asewera World of Warcraft zaka zambiri. Kwa iwo nkhani ndi yachidule: ukafika levulo yomaliza, umasonkhana ndi anzako n'kukalowa raid kukamenya zilombo zikuluzikulu, ndipo zina zonse ndi njira chabe yopitira kumeneko. Sakunama, gemu yawo inamangidwa choncho. Itangotuluka mu 2004, raid ya Molten Core inkafuna anthu 40. Masiku ano raid ya Mythic, mlingo wovuta kwambiri, imafuna anthu 20, ndipo kuyambira 2016 kuli Mythic+, kumene anthu 5 amalimbana ndi zilombo wotchi ikuwerenga. Chigawo chatsopano chikatuluka, zida zimene unazivutikira zimachepa mphamvu, umayambanso kukwera. Atabwera kumudzi pa Khirisimasi anandiyang'ana ndikudzala mbewu pa foni n'kunena kuti, "Alamu, uku ndi kulima basi. Tsiku limene mudzalowe raid mudzandiimbire."

Mawu amenewo anandikhala pamtima, chifukwa Old School RuneScape ilibe chitseko chimodzi chimene ukachidutsa ungati ndafika. Luso lililonse, kaya kuwedza, kulima kapena kumenya nkhondo, lili ndi malevulo akeake mpaka 99. Kuti ufike 99 pamafunika XP, mapointi amene umapeza pogwiritsa ntchito lusolo, yokwana 13,034,431, ndipo levulo 92 ili pa 6,517,253, theka chabe la ulendowo. Mwezi watha Farming yanga, luso la kulima, inafika pa 92. Munthu wongoona nambala angati ndatsala pang'ono, pamene zonse zimene ndachita chaka chathunthu ndiyenera kuzichitanso. Ndiye endgame ili pati pamenepa? Pa 92, pa 99, kapena pa XP ya 200 miliyoni imene ndi malire a luso lililonse?

Ndimagulitsa mbewu ndi feteleza m'kashopu pafupi ndi msika. M'mawa ndisanachotse loko, ndimakhala pa benchi ya pakhonde ndi tiyi n'kuzungulira minda ya m'gemu: Falador, Ardougne, Catherby, Hosidius. Ndimakolola ranarr, chitsamba cha mankhwala cha m'gemumo, kuthira kompositi, kudzala ina. Ranarr imakhwima pa mphindi 80, ndiye pakati pa makasitomala awiri ndimathanso kuzungulira kachiwiri. Nthawi zina mayi wodzagula mbewu ya kabichi amandipeza foni ili m'manja, ndimaiika pa thumba la feteleza, ndimamuthandiza, ndikabwerera munda uli pomwepo. Zokololazo ndimagulitsa pa Grand Exchange, msika wa osewera, ndipo ndalama zake, kuphatikiza zimene ndimapeza ku Slayer, luso lopha zilombo zimene watumidwa, ndimagulira bond yondipatsa umembala wa masiku 14. Kwa munthu wopanda khadi yolipirira pa intaneti, ichi si chinthu chaching'ono. Miyezi 5 yapitayi sindinatulutse metical ngakhale imodzi kulipirira umembala. Palibe pamene gemu inandiuza kuti ndichite zimenezi. Ndinaziganiza ndekha, ndinawerengera ndekha kuti ndiyenera kuzungulira kangati pa tsiku, ndipo tsiku limene ndinagula bond yoyamba ndi thukuta la minda imeneyo ndinasangalala kuposa tsiku lililonse lokwera levulo.

Apa ndi pamene maganizo anga anatembenukira. Miyezi yoyambirira gemu imakugwira dzanja: quest (ntchito ya nkhani imene gemu imakupatsa) iyi imatsegula iyo, levulo iyi imakulola kuvala chida icho. Kenako imafika nthawi imene zotsegula zikuluzikulu zatha, ndipo ukalowa umayamba wafunsa kuti lero ndikufuna chiyani. Kwa ine endgame inayamba tsiku limenelo. Linafika nditamaliza quest ya Recipe for Disaster n'kutenga mphoto yake, magolovesi a Barrows, ndisanaone n'komwe khomo la raid.

Komabe sindikufuna kunyoza nkhondo zovuta, chifukwa chimene chinandigwedeza kwambiri chaka chonsechi ndi chilombo chotchedwa TzTok-Jad. M'phanga la Fight Cave zilombo zimabwera maulendo 63, ndipo Jad ali komalizira. Akhoza kukuchotsera moyo wokwana 97 kamodzi kokha, pamene munthu wofika pamwamba ali ndi 99. Chodzitetezera ndi kusintha prayer, mphamvu yotchinga mtundu umodzi wa kumenya, molingana ndi mmene wadzukira: akamenyetsa miyendo yakutsogolo pansi ukudziwa kuti kukugwa mwala, akaimirira ndi yakumbuyo n'kukhala m'mwamba ukudziwa kuti kukubwera moto wa matsenga. Gemuyi imayenda ndi kugunda kwa masekondi 0.6, ndipo kuchokera kuno, chimene wadina chimafika ku seva ya ku Ulaya mochedwerako. Madzulo anthu akadzazana pa netiweki, kuchedwako kumakula. Nditayesa koyamba ndinafa chifukwa cha mantha anga. Kachiwiri magetsi anathima ndili pakati pa phanga, netiweki inagwa nawo, pobwerera ndinapeza ndili kunja. Kachitatu ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha mu Julayi, kuzizira kwa kuno kuja koumitsa zala. Ndinafunda bulangete, ndinaotha manja pa kapu ya madzi otentha, chala chachikulu chakumanja ndinachiika pa ma prayer osachichotsapo. Moyo wa Jad utafika theka, ochiritsa ake 4 anatulukira, ndipo ndinawakoka mmodzimmodzi ndikuwerenga mokweza kuti mwala, moto, moto, mwala. Atagwa, kunja atambala anali akulira kachiwiri, ndipo ndinakhala kanthawi ndikungoyang'ana fire cape, chovala chimene umapatsidwa ukagonjetsa Jad, m'chikwama.

Nditawauza alamu anati fire cape ndi ya pakati pa gemu. Kwa osewera akale ndi zoona. Phangalo lilipo kuyambira 2005, ndipo mu 2017 kunabwera nkhondo ina yofanana nayo, Inferno, ya maulendo 69, yovuta kutalitali. Koma mawu akuti pakati kapena kumapeto amayezedwa ndi munthu wa kompyuta, mausi m'manja, seva ili pafupi. Pa foni ya sikirini yaing'ono, ndi netiweki yathu, phiri lomwelo limatalika. Sindikupempha kuti andichepetsere. Ndikungokana kuti muyeso wa munthu wina undiuze kuti chimene ndinachita usiku umene uja sichinali chenicheni.

Raid ndinalowa ndithu, ndipo ndinawaimbira monga ananenera. Tombs of Amascut, imene inatuluka mu 2022, imakulola kusankha wekha kuvuta kwake, ndiye tinalowa atatu a mu clan, gulu lathu la osewera, pa mlingo wotsika. Pamenepo ndinamvetsa chimene alamu amakonda. Ukalakwitsa, mnzako ndiye amavutika, ndipo ukachita bwino wina amapuma. Minda ya ranarr siingakupatse zimenezo. Ndalowanso kangapo Lamlungu masana. Koma raid ndi chimodzi mwa zinthu zimene munthu amasankha gemu ikasiya kumulondolera. Mu clan yathu muli bambo wina amene safuna nkhondo n'komwe, amangowedza kufunafuna kambalame ka heron kamene kamapezeka mwamwayi. Wina ndi wa Ironman, njira imene inayamba mu 2014 yoletsa kugula kapena kulandira kanthu kwa osewera ena, ndipo kwa iye kupeza mbewu imodzi ndi ntchito ya tsiku. Magemu enanso ali ndi anthu otere. Guild Wars 2 sinakwezepo levulo yomaliza kupitirira 80 chiyambire 2012, ndipo anthu ake amatha zaka akupanga zida za legendary ndi kusonkhanitsa zovala. Mu Final Fantasy XIV muli raid za anthu 8, mulinso ena amene moyo wawo wonse ndi kukongoletsa nyumba.

Zotopetsa zilipo. Slayer imafika pokhala ngati kupalira munda wautali dzuwa lili pamutu, ndipo panali milungu iwiri mu Marichi imene sindinafune kuiona gemuyi. Foni imatentha ukasewera ili pa tchaja, batire yanga siikhalanso monga kale. Amene akufuna zithunzi zokongola aiwale, maonekedwe ake ndi a 2007. Koma kwa mnyamata wa ku Tsangano kapena ku Furancungo amene ali ndi foni wamba ndi mamega owerengeka, sindikudziwa gemu ina ya mtundu uwu imene ingamusunge nthawi yaitali chonchi.

Panopa ndikufuna chovala cha omaliza ma quest onse, ndipo zazikulu zimene zatsala ndi Dragon Slayer II ndi Song of the Elves. Ndikufuna ndizimalize Okutobala asanafike, chifukwa mvula ikayandikira alimi amadzaza pa shopu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo mpata umene ndimakhala nawo ndi wozungulira minda ija kamodzi ndisanatsegule chitseko.