Musanalipire ulendo wa ku Rio, imvani kaye zomwe zinatichitikira

Mafoni ochokera kumudzi andichulukira masiku ano, ndipo nkhani yake ndi imodzi: "Achimwene, kuli munthu akukonza ulendo wa ku Brazil. Akuti tikaona Khristu wa paphiri uja, ulendo ukatha tingotsalira komweko n'kupeza ntchito." Ndimagwira ntchito ku São Paulo, ndipo msuweni wanga anabwera kudzera mwa munthu wotereyo. Ndikulemba pano kuti ndiyankhe nonse pamodzi.

Msuweniyo analipira madola 2,600. Papepala panalembedwa ndege, hotela ya ku Copacabana (dera la m'mphepete mwa nyanja mumzinda wa Rio), matikiti olowera malo onse, ndi munthu womuperekeza. Ndege inatera ku Guarulhos, ku São Paulo, ndipo palibe anamuuza kuti Rio ili pamtunda wa makilomita opitirira 400 kuchokera pamenepo, ulendo wa maola 6 pa basi. Pabwalo la ndege panalibe womuchingamira. Ndinachita kusiya ntchito, kukamutenga, n'kumulipirira basi. Hotela ija tinakapeza kuti ndi chipinda cha mabedi osanjikiza, chogona ndi anthu osawadziwa, kutali ndi nyanja. Titafika munsi mwa phiri la Corcovado, pomwe pali chiboliboli cha Khristu chija, n'kuonetsa "tikiti" yake, mtsikana wa pawindo anatiuza mwaulemu kuti pepalalo silinalipiridwe. Tinaimbira ejenti uja, foni yothimitsa. Madzulo ake chithunzi chake pa WhatsApp chinali chitasowa. Madola 2,600, ndalama yoti munthu wagulitsira dimba!

Khristu uja ndi woyenera kumuona, sindikana. Ndi wamtali mamita 30, anamalizidwa mu 1931, ndipo waima paphiri la mamita pafupifupi 700, m'nkhalango ya Tijuca. Ukakhala pamwamba, mzinda wonse, nyanja ndi bwalo la mpira la Maracanã zimaoneka pansi pako. Koma yang'anani phirilo muli m'munsi musanagule tikiti. Mitambo ikaliphimba mudzangoona mapazi a chiboliboli, ndipo anyamata okuitanirani galimoto pamsewu sadzakuuzani zimenezo. Gulani pawindo lenileni.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi chimanga cha pamchenga wa Copacabana. Mnyamata akukankha kangolo ka chimanga chophika, msuweni wanga n'kusangalala kuti wapeza chakwathu. Mtengo akuti R$15 (R$ ndi real, ndalama ya ku Brazil). Anatulutsa kamakina kolipirira ndi khadi, galasi lake lokalikakalika, chala chake chachikulu chitaphimba pakona, dzuwa likuthobwa m'maso. Msuweni anagunditsa khadi. Uthenga wa kubanki utafika unati R$150, mwini chimanga atalowa kale m'chigulu cha anthu. Musagunditse khadi musanaone nambala yonse ndi maso anu, ndipo akakana kukupatsani kamakinako m'manja, m'bwezereni katundu wake. Mipando ndi maambulera a pamchenga nazonso funsani ngati mtengowo ndi wa tsiku lonse; ife R$20 inasanduka R$80 ponyamuka, akuti ankawerenga pa ola. Kumalo odyera bilu imabwera ndi 10 peresenti ya operekera zakudya, ndipo ngati pakona pali woimba gitala, pamawonjezekanso ndalama yotchedwa couvert artístico pa munthu aliyense, ngakhale simunapemphe nyimbo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anatichitira chilungamo, mayi wina woperekeza alendo amene anavala khadi la Cadastur, kaundula wa unduna wa zokopa alendo. Anatilembera mtengo papepala tisananyamuke, R$80 aliyense, ndipo pomaliza sanawonjezere kalikonse. Tinkafuna kukwera phiri lina lotchedwa Pão de Açúcar, iwo anayang'ana kumwamba n'kutiuza kuti tisataye ndalama tsiku limenelo. Atamva komwe timachokera anakhala chete pang'ono, kenako anati pali malo oti tiyenera kuwaona.

Anatitengera ku Cais do Valongo, kudoko lakale. Ndi dzenje lotseguka pakati pa msewu, lopanda geti, lopanda tikiti. Pansi pali miyala yosasema bwino yomwe anayala mu 1811, ndipo pamwamba pake pali ina yosalala ya mu 1843, yomwe anakwirira nayo dokolo polandira Teresa Cristina, mkazi wa Pedro II, mfumu ya Brazil. Pamiyala ya pansiyo panaponda akapolo pafupifupi 900,000 ochokera ku Africa. Mayiwo anatikumbutsa kuti zombo zina zinkanyamukira ku Quelimane, ku Mozambique, zitatenga anthu ogwidwa kumtunda, chigwa cha Zambezi, ndipo kuno onsewo ankangowatcha "Moçambiques". Dokolo linakhala lokwiririka mpaka 2011 pomwe okonza misewu analifukula, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wake mu 2017. Chapafupi pali manda a Pretos Novos, komwe ankataya omwe amwalira atangofika. Anadziwika mu 1996 banja lina likukonza nyumba yawo n'kupeza mafupa pansi. Msuweni wanga, munthu wolongolola, sanayankhule mpaka tinafika ku Pedra do Sal, komwe Lolemba madzulo anthu amazungulira tebulo n'kumaimba nyimbo za ku Brazil zotchedwa samba pamsewu. Papepala la ejenti uja malo amenewa panalibe ndi amodzi omwe.

Tsopano za ntchito, ndipo apa ndikuuzani mosapsatira. Viza ya mlendo ndi ya masiku osapitirira 90 ndipo siyikulolani kulembedwa ntchito. Mukapitiriza masiku, chindapusa chimayambira R$100 ndipo chikhoza kufika R$10,000. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka mu 2025 anali R$1,518 pamwezi, ndipo amenewo ndi a munthu wa mapepala. Wopanda mapepala amalandira zomwe bwana wafuna, akafuna. Chizungu chanu cha ku sekondale kuno sichigula ngakhale buledi, chifukwa zonse ndi Chipwitikizi. Abale a ku Tete ndi ku Angónia ali ndi mwayi pa chilankhulo, koma nawonso popanda nambala ya msonkho yotchedwa CPF ndi khadi la alendo la ku Polícia Federal, apolisi oona za olowa m'dziko, amathera m'misewu ya Brás, dera la malonda ku São Paulo, kugulitsa zovala pansalu yoyala pansi, maso ali kwa apolisi a mzinda. Kodi zimenezi n'zomwe mukufuna kugulitsira munda wa amayi? Zithunzi zomwe mumaona pa Facebook, munthu atatambasula manja patsogolo pa Khristu, sizionetsa chipinda chomwe amagonamo.

Ngati muli ndi ndalama zanu zoti mudzaone dziko n'kubwerera, bwerani, koma viza mufunsire nokha ku ofesi ya kazembe, ndege mugule nokha, ndipo hotela muiyimbire kuti itsimikize dzina lanu musanakwere. Tengani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, pakuti podutsira ku Johannesburg pobwerera adzalifuna. Msuweni wanga anabwerera viza yake isanathe. Dimba linapita, ndipo ndalama yomwe anakongola kwa akatapila kuti akwanitse madola aja akubwezabe mpaka pano.