Pulani ya kanyumba ka tchuthi yogulitsidwa ku Johannesburg: kodi ingagwire ku Likoma?

A ku Likoma ndi ku Chizumulu ena okhala kuno ku Joni akugula mapulani ojambulidwa kale, n'cholinga chomanga kanyumba kofikira pa Disembala ndi kubwereketsa alendo miyezi ina. Taunika pulani imodzi yotere, yogulitsidwa ndi ofesi ina ya ojambula mu Johannesburg muno. Ndi ya masikweya mita 60: zipinda zogona ziwiri, bafa limodzi, khitchini yolumikizana ndi pabalaza, khonde kutsogolo, denga lopendekera mbali imodzi.

Kagawidwe ka zipinda n'kabwino zedi. Mulibe kolido yodya malo, ndipo bafa ndi khitchini zatsamirana khoma limodzi, kotero mapaipi onse akuyenda pamodzi ndipo ndi aafupi. Pachilumba pomwe kachitsulo kalikonse kamabwera pa sitima, zimenezi zikupulumutsani ndalama. Miyezo pa mapepala ndi yomveka, mmisiri wa kumudzi atha kuwerenga popanda kuimba foni.

Vuto lalikulu ndi dzuwa. Wojambulayo anaganizira nyengo ya kuno, komwe tili pa madigiri 26 kumwera kwa ikweta ndipo nyumba timailozetsa kumpoto kuti ilandire dzuwa mu Juni. N'chifukwa chake waika magalasi aakulu ndi denga lotulukira kunja masentimita 45 okha. Likoma ili pa madigiri 12. Dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo chakumapeto kwa chaka limakhalako mbali ya kumwera. Mu Okutobala ndi Novembala pabalaza pa magalasi otero pangatenthe ngati mu uvuni, makamaka mukatembenuzira nyumbayo kumadzulo kuti muziona dzuwa likulowa panyanja. Denga litulukire kunja mita imodzi kapena kuposa, khonde likhale la mamita awiri ndi theka, ndipo galasi lichepe. Mazenera ayang'anizane kuti mphepo izidutsa, koma a kumwera chakum'mawa akhale aang'ono ndi otsekeka bwino, chifukwa mwera wa Meyi mpaka Ogasiti sumasewera.

Chitseko chotsetsereka cha galasi, chotalika mamita 2.4, n'chimene chimakopa anthu pa chithunzi. Taganizirani ulendo wake: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, kenako Nkhata Bay kukadikira Ilala, yomwe imayenda ulendo umodzi pa sabata. Galasi lolimbitsidwa lija likasweka silidulidwanso, muyenera kuitanitsa lina. Zitseko ziwiri zamatabwa zokhala ndi timagalasi tating'ono zimagwira ntchito yomweyo, ndipo kalipentala wa pachilumba atha kuzikonza. Malatanso musagule a mamita asanu ndi limodzi monga mndandanda wa zipangizo ukunenera, amapindika ponyamula. Gulani aafupi, koma pamenepo denga lipendekeke kuposa madigiri 5 amene ajambula, apo ayi madzi adzalowera polumikizira mvula ya mpoto ikamawomba.

Mndandandawo ukulamulanso zomangira zosachita dzimbiri zoyenera ku Durban. Nyanja ya Malawi ilibe mchere, ndalama imeneyo mukhoza kuisunga. Iikeni pa mankhwala a chiswe pansi pa silabu ndi pa waya wa udzudzu m'mazenera onse, zomwe pulaniyi sinatchule n'komwe. Nyali za panja zikhale patali ndi zitseko, popeza nkhungu zikatuluka m'nyanja zimaunjikana pomwe pali kuwala.

Maziko anajambulidwa ngati kuti pansi ndi pofewa paliponse. Ku Likoma mudzakumana ndi mwala waukulu mbali imodzi, mchenga mbali inayo, ndipo khoma lokhala pa zonse ziwiri limang'aluka pomwe zakumanira. Kumbani maenje oyesera m'makona anayi musanagule simenti. Dzenje la chimbudzi litalikire nyanja mamita 30 kapena kuposa. Ndipo kumbukirani 2024, pomwe nyanja inakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo. Funsani akuluakulu a pamalopo pamene madzi anafika, mumange kumtunda kwake.

Pa magetsi, masoketi a pulaniyi ndi a mapini ozungulira a kuno, pomwe ku Malawi timagwiritsa ntchito a mapini amakona. Thanki ya madzi a mvula mulibe, chonsecho mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi.

Chidindo cha wojambula wolembetsedwa ku SACAP, bungwe loyang'anira ojambula mapulani a nyumba kuno, chimagwira ntchito mu South Africa muno. Kuti khonsolo ya Likoma ivomereze, pulaniyi idutse m'manja mwa katswiri wolembetsedwa ku Malawi. Pogula pemphani fayilo yosinthika ya DWG, osati PDF yokha, kuti iyeyo asinthe denga, magalasi ndi maziko popanda kujambulanso nyumba yonse.