Kampani imene inatimangira doko pa damu lathu la nsomba

Gulu lathu la alimi a nsomba lili ndi damu chakumwera kwa tauni ya Chipata, m'mbali mwa msewu wopita ku Chadiza, ndipo pakati pa damulo tinaikapo makola oyandama owetera nsomba. Kwa zaka zingapo anyamata athu ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno atasenza matumba a chakudya cha nsomba kuti akafike pamene pali bwato, chifukwa m'mphepete munali matope okhaokha. Awiri mwa iwo atadwala likodzo, komanso titaona kuti gombe la kumadzulo likugumuka chaka ndi chaka, tinagwirizana zofuna anthu odziwa ntchito kuti atimangire doko laling'ono ndi kutchinjiriza gombelo. Ndikulemba kuti ena amene ali ndi madamu kuno kum'mawa adziwe zimene tinapeza pa kampani imene tinailemba ntchito, zabwino ndi zokhumudwitsa zomwe.

Tisanasainirane chilichonse tinapempha kuona zikalata zawo, ndipo anatisonyeza mosavuta satifiketi ya National Council for Construction, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno, pamodzi ndi umboni wakuti injiniya wawo ndi membala wa bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia. Iwonso ndi amene anatikumbutsa kuti tikafunse kaye ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno, ndiponso ku ZEMA, bungwe loteteza chilengedwe, tisanaike simenti kapena chitsulo m'madzi. Apa palibe chodandaula.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene a injiniya anayambira ntchito. Ife tinali titajambula kale m'mutu doko la konkire lokhazikika, lofanana ndi mlatho waufupi, ndipo tinali titasankha ndi malo omwe. Iwo atafika sanatulutse pulani iliyonse tsiku loyamba. Anayenda wapansi kuzungulira damu lonse akuyang'ana zinyalala zouma zimene madzi osefukira anasiya pa nthambi za zitsamba, anabaya nsungwi yaitali m'matope malo osiyanasiyana kuti adziwe pamene nthaka yolimba yayambira, kenaka anakhala pansi ndi agogo ena a m'mudzi woyandikana nafe nkuwafunsa kuti, “Kodi agogo, chaka chimene madzi anachepa kwambiri anathera pati?” Agogowo analoza chitsa china chimene tsopano chinali pansi pa madzi. Pamenepo a injiniya anatiuza mosabisa kuti doko lokhazikika lidzatigwirira ntchito miyezi yochepa chabe pa chaka, popeza m'mwezi wa Febuluwale lidzamira, pamene m'mwezi wa Okutobala lidzatsala pamtunda ngati thandala loyanikira mbale.

Anapereka chitsanzo cha ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, kumene kuli doko lalikulu la dziko lathu, nati ngakhale kumeneko funso loyamba la womanga limakhala lakuti madzi amakwera ndi kutsika motani, osati lakuti simenti ikwana matumba angati. Motero anatijambulira doko la magawo awiri: phaka la konkire pamtunda, ndiye thandala loyandama pa migolo ya pulasitiki, lolumikizidwa ku phakalo ndi kamlatho kokhala ndi mahinji kamene kamakwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi. Thandalalo analimangirira ndi unyolo ku anangula anayi a konkire, ndipo unyolowo anausiyira mpata wokwanira kuti madzi akadzaza lisamizidwe. Ena mwa ife tinang'ung'udza kuti migolo si chinthu cholemekezeka. Koma chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza m'mwezi wa Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatitseka pakamwa, chifukwa madzi anabwerera mpaka chitsa cha agogo aja chinaonekera, koma ife tinangotalikitsa kamlatho ndi kusuntha anangula, bwato nkumakochezabe bwinobwino.

Ntchito ya pa gombe nayonso inali ya nzeru. Anatifotokozera kuti chimene chimadya gombe la kumadzulo si mvula kwenikweni ayi, koma mafunde ang'onoang'ono amene mphepo ya m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti imakankhira mbali imeneyo usana ndi usiku, nkumakumba kunsi mpaka dothi la pamwamba litagwa lokha. M'malo mwa khoma la njerwa, limene madzi amalifukula pansi nkuling'amba, anaika magabiyoni, amene ndi madengu a waya odzazidwa ndi miyala, lililonse lotalika mamita 2, mulifupi mita imodzi. Ubwino wake ndi wakuti madzi amadutsa pakati pa miyala ndipo dengu limatha kupindika nthaka ikatitimira popanda kusweka. Kumbuyo kwa madenguwo anayala nsalu yokhuthala yosefa madzi kuti dothi lisamatuluke m'mipata, ndipo pamwamba anatilangiza kubzala udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri. Ndinaona ndi maso anga kapitawo akukhuthulitsa dengu lina lonse chifukwa anyamata anali atangothiramo miyala chithirethire, nawauza kuti miyala ya kumaso iyenera kuyalidwa ndi manja umodziumodzi, ndipo mwala wochepa kuposa diso la waya usalowemo. Phaka la konkire lija analiphimba ndi masaka onyowa sabata yathunthu, natiletsa kuyendetsapo ngolo mpaka atakwana masiku 28.

Koma sizinayende bwino zonse. Choyamba, ntchito inachedwa kuposa mmene tinapanganirana, chifukwa miyala inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo foni ya ku ofesi kwawo inkangolira osayankhidwa masiku ena. Zimenezo tikanazipirira. Chimene chinatipweteka ndi zinthu zing'onozing'ono zimene anazichitira mphwayi pamapeto, a injiniya atapita kale ku ntchito ina nkusiya zonse m'manja mwa akalipentala. Matabwa a pa thandala anawakhomera mothinana popanda mipata yotulukira madzi, kotero kuti pasanapite nthawi panamera ndere, ndipo mayi wina wa m'gulu mwathu anaterereka atanyamula beseni la nsomba, mwamwayi anangovulala pachigongono. Mabawuti a pa mahinji a kamlatho, amene pa pulani analembedwa kuti akhale osagwira dzimbiri, anaikapo achitsulo wamba, ndipo dzinja limodzi lokha linakwanira kuti ayambe kufiira ndi kulira kamlatho kakamagwedezeka. Ndimadabwabe kuti anthu amene anasamala chotero poyeza matope analekerera bwanji bawuti ya mtengo wochepa, pamene bawutiyo ndi imene imanyamula munthu aliyense wodutsapo.

Titawalembera kalata anabwera patapita milungu itatu, ndipo kunena zoona sanakane mlandu. Anazula matabwa onse nkuwakhomeranso motalikirana pang'ono, mpata wolowa chala chaching'ono, anasintha mabawuti mwaulere, natisiyira pepala lofotokoza zoyenera kuyang'ana mvula isanayambe ndi itatha: unyolo ngati wadyeka, migolo ngati yalowa madzi, ndi waya wa magabiyoni ngati waduka pena pake. Chinawakakamiza kubwera, mmene ine ndikuonera, ndi chakuti tinali titasunga gawo lina la malipiro mpaka doko litapyola dzinja loyamba, ndipo mfundo imeneyi inalembedwa m'pangano lathu kuyambira pachiyambi.

Mtengo wawo unali wokwera kuposa wa amisiri a m'mudzi amene anadzipereka kutimangira khoma la njerwa, koma poona kuti gombe la kumadzulo silinasunthe ndipo palibe mnyamata amene akuloŵanso m'matope, sindikuona kuti tinataya ndalama. Amene ali ndi damu ku Katete, ku Lundazi kapena kuno ku Chipata angathe kuwalemba ntchito ya mtundu umenewu, makamaka pa kuyeza ndi kujambula pulani, kumene ndi kumene kuli luso lawo. Ife tawaitananso kuti adzaone potayira madzi a damu pamene payamba kukokoloka, koma ulendo uno tawauziratu kuti a injiniya eniake adzakhalepo tsiku lomaliza, ndipo bawuti iliyonse tidzaiona ndi maso isanamangidwe.