Chipatala cha ziweto cha ku Chipata chomwe chinalandira chule wa pacman

M'mwezi wa Julaye chaka cha 2024, mphepo ya m'mawa ikuluma zala kuno ku Chipata, mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba kwanga ku Kalongwezi atanyamula bokosi lagalasi, ndipo asanapereke n'komwe moni anati, "Amalume, ndikuganiza kuti wafa, koma ndikuopa kumutaya." M'bokosimo munali timiyala touma gwa, mbale yomwe madzi ake anaphwa kalekale, ndi kanthu kozungulira ngati chitumbuwa, kokutidwa ndi khungu louma lokhala ngati pepala. Ameneyo anali chule wa mtundu wa pacman, yemwe anasiyidwa ndi mlendo wina wakunja pobwerera kwawo atatha ntchito yake kuno, ndipo mnyamatayo, atamusamalira milungu yoyambirira, anatanganidwa ndi mayeso a kukoleji n'kumuiwala pakona ya chipinda kwa miyezi pafupifupi itatu. Zomwe ndikulemba pano ndi za chipatala cha ziweto cha m'tauni muno komwe ndinapita naye chuleyo. Dzina lake sinditchula, chifukwa pamodzi ndi zoyamikira ndili ndi zodandaula.

Achule amenewa si akuno. Kwawo ndi ku South America, m'maiko monga Argentina, Paraguay, Uruguay ndi Brazil, ndipo asayansi amawaika m'gulu lotchedwa Ceratophrys chifukwa cha tinyanga ta khungu tomwe tili pamwamba pa maso awo. Dzina loti pacman linachokera ku sewero la pakompyuta la Pac-Man, lomwe kampani ya Namco ya ku Japan inatulutsa mu 1980, popeza chuleyu thupi lake lonse limangooneka ngati kamwa lokhalokha. Amene anaonapo finye atadzitukumula nthawi ya dzinja akhoza kumuyerekeza, kungoti uyu ndi wamkulu ndipo wamkazi amatha kudzaza chikhatho cha munthu wamkulu. Sathamangitsa chakudya. Amadzikwirira m'dothi lonyowa n'kusiya maso okha kunja, kudikira kuti chodutsa chilichonse chokwana m'kamwa mwake chifike pafupi, ngakhale chitakhala chule mnzake, n'chifukwa chake amawetedwa mmodzimmodzi.

Chipatalachi, monga zipatala zambiri za ziweto m'chigawo chino cha kum'mawa, ntchito yake yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku ndi agalu. Tsiku lomwe ndinapitako pabenchi panali alimi ofuna mankhwala a nkhupakupa, mayi wina wofuna katemera wa chideru, ndi mnyamata wobwera ndi galu kudzabayitsa katemera wa chiwewe. Nditaika bokosi langa patebulo lolandirira anthu, mtsikana wolemba maina anasuzumiramo, kenaka anaseka mpaka kuitana mnzake wa kosungira mankhwala kuti adzaone, ndipo anandifunsa mokweza mawu ngati achule atha m'dambo kuti ine ndiziwononga ndalama pa mmodzi. Anthu a pabenchi anaseka nawo, ndipo mkulu wina anayankhula chapansipansi za ufiti. Sindinakwiye kwenikweni, pakuti ine ndemwe ndikanaseka chaka chimodzi m'mbuyomo, koma munthu amene wabwera ndi chiweto chomwe chikufa sayenera kulandiridwa motero, ndipo ndikudziwa kuti wina wamanyazi kuposa ine akanangotembenuka n'kubwerera. Ndinadikira maola awiri chifukwa dokotala anali atapita kukaona ng'ombe kumudzi wina wa njira ya ku Chadiza, ndipo palibe amene anandiuza zimenezi kufikira nditafunsa ndekha.

Dokotala atabwera, zinthu zinasintha. Ndi mayi wachikulire pang'ono, wosalankhula zambiri. Asanamukhudze chuleyo anavala magolovesi opanda ufa n'kuwatsuka ndi madzi oyera, ndipo anandifotokozera kuti khungu la chule limayamwa chilichonse, kaya ndi sopo, mafuta odzola kapena mchere wa thukuta. Kenaka anandiuza mosabisa kuti, "Bambo, pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchito sindinathandizepo chule. Mundipatse mphindi zochepa ndifunse kwa amene amadziwa." Anaimbira foni mnzake yemwe anaphunzira naye pasukulu ya madokotala a ziweto ya pa University of Zambia ku Lusaka, amene anagwirapo ntchito ndi njoka, abuluzi ndi achule, namutumizira zithunzi pa WhatsApp, ndipo anakambirana ine ndili pomwepo ndikumva. Pa zonse zomwe ndinaona pachipatalachi, ichi ndicho chinandikhazika mtima pansi, chifukwa ndinazolowera akatswiri omwe amaona ngati kufunsa n'kudzitsitsa, ndipo akanatha kungomubaya chuleyo jekeseni wa nkhuku n'kundilipiritsa.

Khungu louma lija, lomwe mwana wa mlongo wanga ankaliyesa chizindikiro cha imfa, linali njira ya chuleyo yodzipulumutsira. Kwawo kukauma, achule amenewa amadzikwirira n'kusiya kudya khungu lomwe afundula, kotero kuti limaunjikana n'kukhala chikuto chotsekera madzi m'thupi, ndipo amagona momwemo kudikira mvula. Dokotala anandiletsa kusenda chikutocho ndi zala. Anamuika chuleyo m'mbale ya madzi ofunda pang'ono, osapitirira chibwano chake chifukwa achulewa sadziwa bwino kusambira ndipo wofooka akhoza kumira, ndipo patapita nthawi khungulo linayamba kufewa, diso limodzi linatseguka, kenaka miyendo yakutsogolo inayamba kukankhira khungulo kukamwa. Chule samwa madzi ndi pakamwa koma amawayamwa ndi khungu la kumimba ndi m'ntchafu, motero kumukhazika m'madzi ndiko kumumwetsa.

Vuto lalikulu linaoneka atadzuka. Chibwano chake cha m'munsi chinali chofewa ndi chogwera pansi pang'ono, mwendo umodzi wakumbuyo unali wopindika, ndipo zala zinkanjenjemera. Awa ndi matenda a kufooka kwa mafupa, omwe amabwera chule akamadya tizilombo topanda kashiamu wokwanira komanso akasowa vitamini D3 yomwe imathandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamuyo. Thupi likasowa kashiamu m'magazi limayamba kumuchotsa m'mafupa, ndipo mafupawo amafewa n'kupindika. Dokotala anandiuza poyera kuti mwendo wopindikawo sudzawongokanso, koma kuti mafupa akhoza kulimba pomwe alipo ngati chakudya chakonzedwa. Anayezanso chimbudzi chake patapita masiku, pomwe ndinabweretsa choyamba chomwe anachita, kuti aone ngati muli njoka za m'mimba, ndipo sanapezemo kanthu, choncho sanapereke mankhwala osafunika.

Nthawi yambiri ya tsiku loyambalo inathera pa nkhani ya khola, ndipo anandilembera zonse papepala ndi dzanja lake. Timiyala tonse tinayenera kuchotsedwa chifukwa chuleyu amameza chakudya pamodzi ndi chilichonse chomwe chili pafupi, ndipo mwala ukakhala m'matumbo umatseka njira. Pa milungu yoyamba anati agone pa mapepala ofewa opanda mtundu, onyowetsedwa ndi kusinthidwa tsiku lililonse, kuti tiziona bwino chimbudzi chake, ndipo pambuyo pake apatsidwe ufa wa makoko a kokonati wozama mokwanira kuti adzikwirire yense. Kutentha kwa masana kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 28, usiku kutsike pang'ono chabe, ndipo dothi likhale lonyowa moti ukalifinya m'manja limagwirana koma osatulutsa madzi. Madzi a pampopi anawaletsa pokhapokha atachotsedwa klorini. Apa m'pamene panali mavuto a chaka chimenecho, chifukwa madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo usiku wa Julaye ku Chipata umazizira kwambiri kuposa mmene chule wodwala angapirire. Nzeru yomwe dokotala anapereka inali yosafuna ndalama: kudzaza botolo ndi madzi otentha madzulo, kulikulunga m'nsanza, kulitsamiritsa kunja kwa galasi mbali imodzi yokha, n'kufunditsa bokosilo bulangete mosiya mpata wa mpweya. Kutenthetsa kuchokera pansi anakana, chifukwa chule akamva kutentha amakumba kulowa pansi kufuna pozizira, ndiye amakumana ndi moto womwe amauthawa.

Dandaulo langa lachiwiri ndi la sitolo yomwe ili kutsogolo kwa chipatalachi. Potuluka ndinafunsa mnyamata wogulitsa ngati ali ndi chotenthetsera, ndipo iye, osafunsa dokotala yemwe anali chipinda chachiwiri chabe, anandigulitsa babu lofiira lotenthetsera anapiye n'kunditsimikizira kuti ndi lomwelo. Babu limenelo likanaumitsa bokosi laling'ono lija m'maola ochepa n'kumubwezera chuleyo m'chikuto chomwe tinali titangomutulutsamo. Mwamwayi ndinatumiza chithunzi kwa dokotala ndisanaliyatse. Ndalama zanga anandibwezera popanda mkangano, koma zikuonetsa kuti a kusitolo ndi a kuchipinda choyezera samvana. Ufa wa kashiamu wokhala ndi vitamini D3 wopangidwira abuluzi ndi achule analibe, ndipo ngakhale analonjeza kuuitanitsa ku Lusaka m'masiku atatu, unafika patatha milungu iwiri ndi theka, ine nditapitako kawiri pachabe.

Za chakudya anandilangiza bwino. Chule amene wakhala nthawi yaitali osadya sapatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi, choncho tinayamba ndi chidutswa cha nyongolotsi patatha masiku asanu, ndipo anachikana kawiri asanachilande. Nyongolotsi ndizo chakudya chake chachikulu tsopano, zomwe ndimaweta m'ndowa ya manyowa a masamba kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi zina ndimamupatsa nkhululu kapena mphemvu zowetedwa, zitadyetsedwa masamba tsiku lathunthu n'kuwazidwa ufa wa kashiamu uja. Ziwala za m'munda dokotala anazikana chifukwa cha mankhwala omwe alimi amapopera thonje, fodya ndi chimanga. Nditafunsa za mbewa, poti kuno kum'mawa sitisowa mbewa ndipo chuleyu amatha kuimeza, anaseka koyamba tsiku limenelo n'kunena kuti mbewa ndidye ndine, chifukwa mafuta ake akachuluka amanenepetsa chule mopitirira ndipo amaphimba maso ake ndi chifunga choyera. Anandichenjezanso kuti ndizigwiritsa ntchito kopanira kopanda nsonga podyetsa, popeza achulewa ali ndi mano ndipo akaluma sasiya msanga. Ndinanyalanyaza kamodzi, ndipo chala changa chinatuluka magazi.

Kumapeto kwa Ogasiti ndinalakwitsa ndekha. Ndinapita kumaliro ku Katete n'kukhalako masiku anayi, ndipo madzi a m'mbale sanasinthidwe. Chuleyu amachita chimbudzi m'madzi omwe amakhalamo, ndiye zoipazo zimabwereranso m'thupi kudzera pakhungu. Ndinamupeza akudumpha mosokonezeka, maso atachita chifunga, miyendo yakumbuyo itatambasuka. Linali Lamlungu madzulo chipatala chili chotseka, koma dokotala anayankha uthenga wanga pasanathe theka la ola, nandiuza kuti ndimukhazike m'madzi oyera osaya n'kumawasintha maola angapo aliwonse usiku wonse, ndiponso kuti ndiyang'ane kumimba ndi m'ntchafu ngati mwafiira, chifukwa kufiira kumeneko kukanatanthauza matenda a mabakiteriya ofuna mankhwala mwamsanga. Kunalibe kufiira, ndipo pofika Lachiwiri anali atabwerera mwakale. Pa thandizo limeneli sanandilipiritse kalikonse, ngakhale ndinafunsa.

Malipiro a kuonana ndi dokotala anali ofanana ndi omwe amalipiritsa mwini galu, ndipo maulendo awiri obwereza anawawerengera momwemo, zomwe ndinaona kuti n'zachilungamo poganizira nthawi yomwe anathera pa ife. Makina ojambulira mafupa alibe, kotero amene chiweto chake chikufuna zimenezo ayenera kukonzekera ulendo wa pa Great East Road mpaka ku Lusaka. Kwa amene ali ndi chiweto chachilendo kuno ku Chipata, ndinganene kuti apiteko, koma ayambe waimba foni kuti adziwe ngati dokotala alipo, apirire kuseka kwa pakhomo, ndipo asagule kanthu kusitolo asanakaonetse kwa dokotalayo.

Mwana wa mlongo wanga anafunsa tsiku lina ngati sikukanakhala bwino kukamusiya chuleyo m'dambo mvula ikayamba, ndipo yankho la dokotala linali lolimba kuposa mawu ena onse omwe ndinamumva akulankhula. Chule wochokera kunja akhoza kudya achule akuno kapena kuwapatsira matenda, kuphatikizapo nkhungu ya pakhungu yotchedwa chytrid yomwe yapulula achule m'maiko ambiri, ndipo anati amene watopa ndi chiweto chotere akafunse ku Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, m'malo mochitaya kutchire. Anawonjeza kuti posamalidwa bwino achulewa amakhala zaka 6 mpaka 10, ena kupitirira, ndipo anandiyang'ana ine osati mnyamatayo ponena zimenezi.

Mvula yoyamba itagwa, usiku wina ndinadzidzimuka ndi phokoso lokhala ngati la kamwana ka mbuzi likuchokera pabalaza. Anali iye, khosi litafufuma, akuyankha achule a m'ngalande ya kunja. Amene amalira motero ndi aamuna okha, choncho dzina lachikazi lomwe mlendo uja anamupatsa tinalisiya. M'mawa mwake ndinatumiza mawuwo kwa dokotala, ndipo nditapitako sabata yotsatira kukagula katemera wa nkhuku, mtsikana wa pakhomo uja anandipatsa moni n'kufunsa kuti, "Bambo, nanga achule aja adzuka bwanji?"