Foni kapena GPS yopachika pagalasi: chothandiza dalaivala wa ku Zomba ndi chiti?

Mnzanga wina amene amayendetsa galimoto ya kuntchito kwawo anandifunsa ngati n'koyenera kugula GPS yopachika pagalasi, ya mtundu wa Garmin kapena TomTom, pamene foni yake ili kale ndi Google Maps. Vuto lake silinali kusochera, pakuti msewu wa M3 wochoka kuno ku Zomba kudzera pa Thondwe ndi Namadzi mpaka ku Limbe amauyenda sabata iliyonse. Chimene ankafuna ndi kudziwiratu ngati magalimoto apanikizana kutsogolo asananyamuke.

Pa nkhani yodziwa pamene muli, zipangizo ziwirizi sizisiyana. Zonse zimalandira uthenga kuchokera ku masatelayiti, ndipo zikapeza osachepera 4 zimatha kuwerengera malo anu popanda bandulo kapena netiweki ya Airtel ndi TNM. Anthu ambiri amaganiza kuti netiweki ikathawa ndiye kuti GPS ya mufoni yafa, koma chimene chimasowa nthawi imeneyo ndi mapu okha, ngati simunawasungiretu. Kusiyana kwenikweni kuli pa uthenga wa mmene msewu ulili nthawi yomweyo.

Google Maps ilibe munthu woima pamsewu kuwerenga magalimoto. Imaona liwiro limene mafoni a anthu akuyendera, ndipo mafoni ambiri akamakwawa pamalo amodzi, imajambula mzere wofiira pamapu, pamene akuthamanga bwino mzerewo umakhala wobiriwira. Waze, pulogalamu ina ya mufoni yolondolera njira imene Google inagula mu 2013, imawonjezera malipoti a madalaivala eniake onena za ngozi, maenje kapena msewu wotsekedwa. Motero uthengawu umalondola molingana ndi kuchuluka kwa mafoni olumikizidwa pa intaneti amene ali pamsewupo. Ku Limbe ndi mu Masauko Chipembere Highway, m'mawa ndi madzulo anthu akamaweruka, mizere ija ndimaikhulupirira, ndipo yandithandizapo kusankha kuchedwa pang'ono kunyamuka m'malo mokaotcha mafuta pamzere. Mukangopatuka kulowera ku Jali kapena kutsikira ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, musayembekezere zambiri, chifukwa mafoni oti awerengedwe ndi ochepa, ndipo msewu wopanda mtundu pamapu sutanthauza kuti kulibe vuto. Waze nayo imafuna khamu la madalaivala olemba malipoti, ndipo m'misewu yathu yambiri imangokhala chete.

Pali chinanso chimene foni singakuuzeni, chomwe ndi chifukwa cha mzere wofiirawo. Pa Thondwe kapena pa Songani tsiku la msika, kufiirako nthawi zambiri kumakhala maminibasi okweza anthu, akabaza ndi ogula odutsa msewu, zinthu zimene dalaivala wa kuno amazidziwa kale ndipo amazidutsa m'mphindi zochepa. Choopsa n'chakuti pulogalamuyo ikaona kuchedwa imatha kukulozerani njira yachidule, ndipo kunja kwa tauni njira yachidule kawirikawiri imakhala yafumbi, imene m'dzinja imasanduka matope. Namondwe Freddy atakokolola milatho ndi misewu m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ambirife tinkadziwa kodutsika kudzera pa wailesi, pa magulu a WhatsApp ndi pofunsa madalaivala a maminibasi kudepoti, osati pamapu. Mlatho ukachoka, palibe foni yodutsapo yoti ijambule mzere wofiira.

Nanga GPS yopachika ija imapeza kuti uthenga wa pamsewu? M'mayiko ambiri a ku Ulaya uthengawu umaulutsidwa mobisika pa mawailesi a FM, m'njira yotchedwa TMC, ndipo chipangizocho chimangoulandira. Ine sindinaonepo GPS yotere ikulandira kanthu pa M3. Zatsopano zambiri zimatenga uthengawo kudzera pa Bluetooth kuchokera mufoni yanu yomweyo, kutanthauza kuti bandulo imadyekabe ndipo mwangonyamula zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi. Za masikirini obwera ndi magalimoto ochokera ku Japan ndisatayepo nthawi: mapu ake ndi a ku Japan, zolemba zake ndi za Chijapanizi, ndipo pokhapokha mutasintha wailesi yonseyo, ntchito yake yaikulu ndi kuonetsa kumbuyo pobwerera.

Komabe sindinganene kuti GPS yapayokha ilibe ntchito, chifukwa pali zimene imaposa foni. Mapu ake amakhala m'kati mwake nthawi zonse. Sikirini yake inapangidwira padzuwa, ndipo siikhumudwa msanga ndi kutentha kwa mu Okutobala, pamene foni yopachikidwa pagalasi, ili pa tchaja kwinaku ikulondolera njira, imatha kutentha mpaka kuzimiririka kapena kuleka kulandira moto. Munthu akakuimbirani muli pamphambano yosokoneza, mapu sachoka. Chachikulu kwa ine ndi mapu a Tracks4Africa, kampani ya ku South Africa imene imakonza mapu ake kuchokera ku njira zimene apaulendo anadutsadi, ndipo amalowa mu Garmin. Kwa munthu amene ntchito yake ndi yolowa m'midzi, kapena wokonda kukwera phiri la Zomba kudutsa Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi mpaka kukafika ku Chingwe's Hole, kumene tinjira ta m'nkhalango timafanana ndipo netiweki imabwera n'kuthawa, chipangizo chotere chimapatsa mtima pansi. Wogula angoonetsetsa kuti mapu a Malawi alimodi, pakuti zambiri zimene achibale amatitumizira zimabwera ndi mapu a ku Ulaya kapena ku America okha, ndipo mapu ena amafunika kulipira padera.

Mpata umenewu foni yautseka kwambiri masiku ano. Google Maps imalola kusunga mapu a dera lonse pamene muli pa Wi-Fi, ngakhale kuti mizere ya mitundu ija siioneka mukakhala opanda intaneti. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, olembedwa ndi anthu odzipereka, ndipo mapu a dziko lonse la Malawi amakwana mufoni wamba. Ine ndimasunga mapulogalamu awiri, chifukwa kanjira kosowa pa ina nthawi zina kamapezeka pa inzake.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti pa zimene ankafuna, GPS yopachika sikanamuthandiza, popeza uthenga wa kupanikizana kwa ku Limbe uli kale m'thumba mwake. Ndalama zochepa chabe agulire chogwirira foni cholimba, makamaka chomangirira potulukira mphepo yozizira kuti foniyo isatenthe komanso kuti asamaigwire m'manja akuyendetsa, pamodzi ndi tchaja yabwino ya m'galimoto. Garmin aiganizire tsiku limene adzayambe kutumidwa kawirikawiri kumidzi ya m'mbali mwa Chilwa, ndipo ngakhale pamenepo, mvula ikagwa usiku, asadzanyamuke asanaimbire munthu wa kumeneko kufunsa ngati mtsinje wa Likangala wadzaza.