Ndemanga: tindalama tamkuwa ta boratynka, tabwino koma tina anatitsuka mopitirira

Phukusi la tindalama 50 ta boratynka limene ndinagula pa intaneti linafika bwinobwino, ndipo mtengo wake sindikudandaula nawo. Amene mukuyamba kumene kusonkhanitsa ndalama zakale za ku Ulaya, apa m'poyambira pabwino.

Timeneti n'tamkuwa, ta nthawi ya Mfumu Jan Kazimierz wa Poland ndi Lithuania, ndipo ankatisula kuyambira 1659 mpaka 1668. Nkhondo zolimbana ndi Sweden ndi Russia zinali zitasaukitsa dziko, asilikali akudikira malipiro, ndiye boma linalola Tito Livio Burattini wa ku Italy kusula mkuwa wochuluka zedi kuti uziyenda pa mtengo woposa wake weniweni. Anasula tambirimbiri, n'chifukwa chake lero n'totsika mtengo chonchi.

Kamodzi kamalemera pafupifupi galamu imodzi, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Popanda galasi lokulitsira zinthu simuona kanthu. Koma mukaliika pamaso, ntchito imakoma: kumaso kuli mutu wa mfumu, pansi pake nthawi zambiri pali zilembo TLB za Burattini, ndipo kuseri ta Poland tili ndi chiwombankhanga pamene ta Lithuania tili ndi msilikali wokwera pa hatchi, lupanga lili m'mwamba. M'phukusi langa ta Lithuania ndito tinachuluka, ndipo chaka cha 1666 chinkangobwerabwera.

Chimene chandiwawa n'choti wogulitsa anatsuka tina ndi mankhwala. Mkuwa ukakhalitsa m'nthaka umatenga khungu lakuda lobiriwirako, ndipo khungu limenelo ndilo limasunga zilembo. Iye analichotsa lonse, tindalamato n'kutsala tofiira, tazibowo, chaka chosawerengeka. Pa chithunzi anaika pamwamba tosatsuka tokhatokha. Zimenezo si chilungamo.

Tingapo n'topepuka, zilembo zake zokhotakhota, ndipo ndikutiona ngati tachinyengo ta nthawi yomweyo, poti anthu ankatisula mobisa kwambiri, ena ku Suceava, mzinda wa ku Moldavia umene lero uli ku Romania. Ine ndatikonda, chifukwa natonso tinayenda m'manja mwa anthu a m'misika zaka 350 zapitazo, kungoti wogulitsa anayenera kunena.

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Musanalipire, pemphani chithunzi cha phukusi lonse atalimwaza, mbali zonse ziwiri, ndipo munenetse kuti mukufuna tosatsuka.